Mpeni Wozingira Mbuzi ya Esinati

Munthu akanditchulira a Selemani, imayamba kukumbuka ndi mphuno, mutu umabwera pambuyo. Ndimamva fungo la mafuta a nsatsi amene ankadontheza ndi kanthenga pa msomali wa mpeni wawo, litasakanikirana ndi utsi wa nsomba za mpasa zimene akazi awo ankawamba kuseri kwa nyumba, ndiponso lija lowawasa la chinangwa chongovuulidwa kumene, chili mbee pathandala, ntchentche zikuchita msonkhano pamwamba pake. Kenako makutu nawo amadzuka: mwala wonolera ukulira kwee, kwee, pang'onopang'ono ngati munthu amene sakupita kulikonse, amayi a m'mudzi akutsika ndi mitsuko, ife ana akutipirikitsa kuti tikaingitse mbalame kumpunga.

Sanali agogo anga a magazi. Nyumba yawo inkayang'anana ndi yathu, pakati pali mtengo wa mango umene unalibe mwini, ndipo mwana aliyense pamudzipo ankawatcha agogo. Anali munthu wamfupi, wouma ngati nkhafi yakale, wa mzuli woyera kumutu ndi jekete lakuda limene ankavala pamwamba pa mkanjo ngakhale mu Okutobala, mchenga ukuwotcha mapazi. Kuseka sankaseka kawirikawiri. Chinthu chikawakomera ankangokanda ndevu.

Nkhaniyi ndaisunga m'mimba zaka zoposa makumi asanu. Koma poti masiku ano a matipate akuti pakamwa patseguka, aliyense akunena zakukhosi pamsika osayamba wacheuka, nanenso ndati ndilavule yanga. Musatchere khutu kuti mumva za ndale. Anzanga ali ndi nkhani za ndende ndi za makadi. Ine mlandu wanga ndi wa mbuzi imodzi.

Mudzi wathu uli kumpoto kwa boma, panjira ya ku Liwaladzi. Nthawi imeneyo bomalo tinkalitcha Kota Kota. Theka la anthu linkapita ku mzikiti, theka ku tchalitchi, ndipo malire ake sanadutse pakati pa mudzi, anadutsa m'kati mwa mabanja: mayi Lachisanu, mwana Lamulungu. Tsono panali mwambo umene palibe anaulemba koma palibenso ankauphwanya. Nyama ya pagulu, kaya ya maliro, kaya ya ukwati, ngakhale nkhuku ya mlendo, wozinga wake akhale Msilamu. Chifukwa chake n'chapafupi. Mkhristu amadya nyama imene wazinga Msilamu, koma Msilamu sadya imene wazinga Mkhristu, ndipo palibe ankafuna kuona m'bale wake atakhala pambali akudya mpunga ndi mchere. Wozinga wa mudzi wonse anali a Selemani.

Mpeni wawo unali wopinda, wa chogwirira chamtengo chimene chinada ndi thukuta la zaka, ndipo anabwera nawo kuchokera ku migodi ya ku Joni akali mnyamata. Unkagona m'thumba la m'kati mwa jekete. Mpeniwo sunasendepo nzimbe, sunadulepo chingwe cha ukonde, sunatumbulepo nsomba. Ntchito yake inali khosi basi. Munthu akabwera ndi chiweto, a Selemani ankayamba achimwetsa madzi, n'kuchigoneka chitayang'ana kumpoto, n'kuchipatsa msana kuti chisaone akamatsegula mpeni. Akatero ankatsinzina, n'kuyendetsa chikhadabo cha chala chachikulu kukamwa kwa mpeniwo, kuyambira kutsinde mpaka kunsonga, kufuna kumva ngati pali pobenthuka. Kenako Bisimila, n'kukoka kamodzi. Ife ana tikafunsa za chikhadabocho ankangoti, “Mpeni wobenthuka umang'amba. Nyama isamve kawiri.”

Ndili ndi zaka ngati khumi ndi chimodzi, mlongo wanga wamkulu Esinati anapeza mwamuna, a Filipo, kalipentala wa ku mishoni. Apa m'pamene panavuta. Amayi athu anabadwira m'banja la Chisilamu, anabatizidwa pokwatiwa ndi abambo, ndipo mlongo wawo, amalume a Hamisi, zimenezo sanaiwale. Iwo anali telala wa pakhonde la sitolo ku boma, munthu wa mkanjo wosita ndi ambulera, ndipo monga mwini mbumba ndiwo anayenera kukhala nkhoswe ya Esinati. Anali atamupezera kale mwamuna wina, wogula mpunga, wa ku mzikiti kwawo. Atakambirana masiku ndi masiku anavomera mokoka miyendo, koma anaika mawu pamaso pa akuchimuna: “Ndidzabwera. Mbuzi akazinga a Selemani, ndi mpeni wosakhudza chonyansa, ndidzadya. Zikapanda kutero ndidzanyamula ambulera yanga, mukafune nkhoswe ina.”

Aliyense anamva kumene mawuwo ankaloza. Nkhoswe ikakana chakudya cha paukwati, ukwatiwo ulibe mwini, ndipo akwawo kwa a Filipo anali anthu osakonda kunyozeka: akanatenga mwana wawo tsiku lomwelo n'kumapita. Koma palibe anada nkhawa. Mpeni wa a Selemani aliyense ankaudziwa.

Lolemba la mlungu wa ukwati, alenje a ku tchalitchi kwathu anapha nguluwe imene inkatha chinangwa m'minda ya kumtunda. Anaigawana komweko, kunja kwa mudzi, polemekeza anzawo, ndipo chigaza anachitaya pachulu kuseri kwa minda. Tsono pakati pa anyamata a sukulu panali chiphunzitso chakuti ukakhala ndi dzino la nguluwe m'thumba, chikwapu cha aphunzitsi sichiwawa. Ine ndi chikwapu tinkaonana pafupifupi tsiku lililonse, ndiye dzinolo ndinkalifuna kuposa mnzanga aliyense. Ndinayesa kuligwedeza ndi manja, ndinayesa kuligogoda ndi mwala, linakana. Mpeni wa amayi wodulira ndiwo unali wofewa ngati tsamba. M'mudzi monse mpeni weniweni unali umodzi.

Masana a Selemani ankakoloweka jekete panthambi ya mkuyu n'kutsikira kunyanja kukasamba asanaswali, ndipo ankasamba mosafulumira, monga ankachitira zonse. Tsikulo ndinapisa dzanja m'thumba la jeketelo, ndinathamanga mpaka kuchulu, ndinalowetsa mpeni pakati pa dzino ndi nsagwada n'kukanikiza ndi thupi lonse. Dzino linatuluka. Koma linatuluka ndi kamawu kakang'ono, khethe, ndipo nditayang'ana ndinaona kampata konga njere ya mpunga pakati penipeni pa kukamwa kwa mpeni. Ndinaupukuta pa udzu, ndinaukwecha ndi mchenga, ndinaubweza m'jekete eni ake akali kutsuka mapazi. Za dzinolo ndikuuzeni lero kuti musadzavutike: m'mawa mwake ndinakwapulidwa katatu, ndipo chinawawa monga mwa masiku onse.

Tsiku la chikwapulo, chakumasana, a Nachisale, mayi wa ku tchalitchi kwathu, anabwera ndi tambala chifukwa kwawo kunafika mlendo. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, diso limodzi kunja. A Selemani anamwetsa tambalayo madzi, anatembenuka, anatsegula mpeni, anatsinzina. Chikhadabo chinayenda, chinafika pakati, chinaima. Anachibweza, chinaimanso pomwepo. Anafikitsa mpeniwo kumphuno, kenako anasuzumira mumpata umene chitsulo chimagonamo mpeni ukapindidwa, nayang'anamo nthawi yaitali. Anaupinda.

“Lero ayi, mayi. Pitani naye kwa a shehe kutsidya kwa dambo.”

“Mwadwala, agogo?”

“Ndili bwino. Lero ayi.”

Chiyambire, a Selemani anali asanabwezepo nkhuku. Dzuwa lisanapendeke nkhani inali itazungulira mudzi, ndipo pozungulirapo inanenepa: akuti a Selemani ayamba kukana nyama za Akhristu, akuti a Hamisi awanong'oneza, akuti mbuzi ya Esinati idzafa ndi ukalamba. Amayi anasiya kupeta mpunga wa ukwati n'kukhala pakhonde, manja ali m'masaya. Esinati sanalire. Anapitiriza kusoka mpendero wa diresi lake, koma ndinaona kuti akusoka ndi kumasula malo amodzimodzi. Ine tsikulo ndinadya pang'ono, mpaka amayi anandigwira pamphumi.

M'mawa mwake a Selemani anaima pabwalo pathu ndi ndodo yawo. “Odi kuno. Bambo a Esinati, ndibwerekeni Yohane lero. Ndikupita ku boma, maso angawa atha.” Abambo anafuna kufunsa za mbuzi, koma nkhalambayo inali itatembenuka kale. Tinayenda kuyambira dzuwa likutuluka m'madzi mpaka litatsala pang'ono kufika pamutu, iwo patsogolo ine pambuyo, kudutsa m'madambo mmene anthu anali atangomweta mpunga, ndipo njira yonseyo anandiyankhula kamodzi kokha, pondiuza kuti ndisaponde ndowe. Ku boma tinadzera kuseri kwa msika, osati pakhonde pamene amalume ankasokera. Izi ndinazizindikira nditakula.

Tinalowa m'sitolo ya mmwenye wina, yonunkhira sopo, palafini ndi nsalu zatsopano.

“Karibu, Mzee. Lero tikupatseni chiyani?”

“Mipeni yopinda.”

“Wotani?”

“Yonse.”

Mwini sitoloyo anayala kansalu pakauntala n'kundandalikapo mipeni isanu ndi inayi. Maso anga anagwera pa umodzi wa chogwirira chonyezimira ngati m'kati mwa chigoba cha nkhono, wa malilime awiri, katcheni, ndi kachitsulo kopotana ngati mchira wa nyama ina imene tsikulo sindinkafuna kuiganiza.

“Agogo, uwu!”

“Bwana, tipatseniko madzi m'kapu,” anatero a Selemani. Madzi atabwera anandiviika zala. “Tsegula.”

Ndinakanda, ndinakanda, chikhadabo chinkangoterereka.

“Uli m'bwato, mwera wakupeza, chingwe chakukola mwendo. Udzatuma munthu ku boma kuti bwanawa adzakutsegulire? Nanga kopotanako n'kachiyani?”

“Kotsegulira mabotolo a azungu, Mzee,” anayankha mwini sitolo.

“Yohane, uli ndi botolo la azungu?”

“Ayi.”

“Ika uko.”

Wachiwiri anautsegulira pafupi ndi khutu. Anati mpeni wabwino ukatseguka umayankha kamodzi, thapu, ngati chitseko chimene watseka mwini nyumba. Uwo unangoti fwee. Wachitatu anaugwira m'mbali ndi zala ziwiri, nakanikiza msana wa chitsulo pamphepete pa kauntala, ndipo unapindika wokha msangamsanga. “Waona? Uwu ukanayamba wadya zala zako zinayi, mbuzi ikuonerera.” Wachinayi anaugwira nsonga n'kuikankha uku ndi uku, ndipo inagwedera ngati khasu loguluka. Iwiri ina inali yaifupi. Anaigoneka pachikhatho panga, nati mpeni wa m'thumba, wa ntchito za tsiku ndi tsiku, ukwane chikhatho, usamatuluke kukasuzumira anthu. Koma wa khosi la mbuzi upitirire, kuti pokoka pakhale poyenda.

Mwini sitolo anakankhira patsogolo wina wowala ngati kalilole. “Uwu, Mzee, wafika kumene. Suchita dzimbiri ngakhale muugoneke m'nyanja.”

A Selemani anatulutsa kamwala m'thumba, nakwecha pang'ono kutsinde kwa mpeniwo, khutu lili pomwepo. “Chitsulo chokana dzimbiri chimakananso mwala. Ine ndifuna chomva. Dzimbiri ndi ntchito ya mafuta, ndipo mafuta ndili nawo.”

“Mzee, mukugula mpeni kapena mukufunsira mbeta?”

“Mbeta ndinafunsira mothamanga. Mubwere kunyumba mudzamve mmene amandikalipira.”

Inatsala iwiri, yonse ya chitsulo chotuwa chosakongola, wina wa chogwirira cha nyanga yosalala, wina wa mtengo wokhakhala. Apa a Selemani anabweza manja kumbuyo.

“Yendetsa chikhadabo. Tsinzina.”

“Ine, agogo?”

“Iwe. Ndikhulupirira kuti pobenthuka ukudziwa mmene pamaonekera.”

Ndinayendetsa pa woyamba, ndinayendetsa pa wachiwiri, yonse inali yosalala ngati nyanja yopanda mphepo.

“Sankha.”

Zala zanga zinali zikali zonyowa, theka madzi theka mantha. Nditagwira wa nyanga unafuna kupulumuka ngati mlamba. Wa mtengo unakhala m'dzanja phee. Ndinauloza. A Selemani anakanda ndevu, nalipira osanenerera ndi pang'ono pomwe, chinthu chimene chinadabwitsa mwini sitoloyo kuposa zonse zimene anaona tsikulo.

Pobwerera tinapuma pamthunzi wa mbawa. Anali atagula nzimbe, ndipo ngakhale mpeni watsopano unali m'jekete tinasenda ndi mano, iwo ndi mano awo asanu otsala.

“Linali la kumanja kapena la kumanzere?”

“Chiyani, agogo?”

“Dzinolo.”

Ndinasiya kutafuna nzimbe.

“Mumpata wa mpeni munali kaubweya. Mbuzi ilibe ubweya wotere. Ndipo mwana amene amakhala kutsogolo nthawi zonse ndikamazinga, dzulo anali kuseri kwa nkhokwe.”

Ndinalira monga amalirira mwana wogwidwa, mamina ndi misozi mtsinje umodzi. Anandisiya mpaka nditatopa.

“Mukawauza amalume?”

“Sindipita kukawauza. Koma pa mpeni sindinanamepo, ndipo sindiyamba Loweruka.”

“Nanga wakale uja sungatsukike?”

“Umatsukika. Madzi kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi, watha. Pobenthuka pamanoleka. Koma a Hamisi sadzafunsa ngati unatsukidwa, adzafunsa ngati unakhudza. Uwu wa lerowu ndingauyankhire pamaso pa aliyense.”

“Akafunsa za wakalewo?”

“Iwe ukapemphe ku tchalitchi kuti asafunse, ine ndikapempha ku mzikiti. Ndi Mmodzi yemweyo, angomva kawiri.”

Ngakhale ndinali mwana ndinadziwa chimene chinali kutsogolo. Amalume akangomva kuti mwana wa m'nyumba ya ukwati anakatokosa nguluwe ndi mpeni wa mudzi, sakanasamalanso za mpeni watsopano. Akanati mbale ndi miphika ya nyumba imeneyo nazo n'zokayikitsa, n'kutsegula ambulera. Titafika, a Selemani anauza abambo mawu awiri okha, kuti mbuzi adzazinga, ndipo amayi anatolanso lichero.

Loweruka m'mawa, mame asanaume, amuna anasonkhana pansi pa mango, amayi ataima chapatali ndi mabeseni. Mbuzi inali yonenepa, ya mawanga. A Selemani analoza ine kuti ndigwire miyendo yakumbuyo. Anali atangoimwetsa madzi pamene amalume anatulukira, mkanjo uli mbee, ambulera ili m'khwapa, nadzaima kutsogolo kwa mbuzi. Analonjerana mwa Chisilamu, bwinobwino, mpaka kufunsana za miyendo ndi misana.

“Ndione mpeni, bambo.”

A Selemani anautambasula.

“Uwu si uja munazingira mbuzi za sadaka ya malemu bambo anga.”

“Si umenewo. Uwu ndagula Lachitatu. Chichokereni m'sitolo sunalawe kanthu, ngakhale nzimbe. Mbuzi iyi ndiyo yoyamba.”

“Wakale uli kuti?”

“Kunyumba. Unabenthuka.”

“Mpeni wa zaka zonsezi, wosadula china koma khosi, ubenthuka pa chiyani?”

“Pa fupa.”

Miyendo ija inkanjenjemera m'manja mwanga, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati wonjenjemera anali mbuzi kapena ine. Pamwamba pa mpanda ndinaona nsonga ya mpango wa Esinati.

“Fupa la chiyani?”

A Selemani anatembenuza mpeni, nagwira kumsana kwa chitsulo, chogwirira chitaloza kwa amalume.

“A Hamisi, mwana wa mnzanga, dzuwa likukwera ndipo amayiwa akudikira nyama. Munati mpeni wosakhudza chonyansa: nawu. Munati azinge Selemani: ndine pano. Ngati dzanja langa mwayamba kulikayikira, nanunso ndinu Msilamu, mawu ake mukuwadziwa. Gwirani, zingani nokha.”

Tsono panalibe munthu pamudzipo amene sankadziwa kuti amalume ndi magazi sankaonana. Chaka china singano ya makina itawabaya chala, anagwa pampando n'kudzatsitsimuka atawathira ndowa ya madzi. Ndiye azakhali ena a kuchimuna, mayi wa pakamwa posatseka, anafuula kuchokera kumabeseni: “Yalani mphasa kumbuyo kwawoko, angadetse mkanjo!”

Anthu anaseka mpaka mbuzi inadzidzimuka. Amalume anachotsa ambulera m'khwapa lina n'kuika m'khwapa lina.

“Dzanja lanu sindinalikayikire, bambo.”

“Ndiye tapatukani. Mwaima kumpoto, mbuzi ikuyang'ana inu.”

Anapatuka, ndipo anapatuka kwambiri ndithu, mpaka kuseri kwa mtengo. Bisimila, kukoka kamodzi. Mpeni wanga wosankha uja unadutsa ngati palibe chinali panjira.

Titabwerako ku tchalitchi, amalume, amene anadikira panja pansi pa ambulera, anakhala pamkeka wa ankhoswe. Amayi anawaikira mpunga ndi chiwindi, nagwada chapatali. Anthu ankayankhula za mitengo ya nsomba, za mphepo, koma maso onse anali pa dzanja limodzi. Amalume anakhala, anakhala, anayang'ana mbale, anayang'ana a Selemani amene ankadya zawo osatukula mutu. Kenako anasamba, anatapa, anatafuna.

“Mchere wachepa,” anatero.

Amayi anaimba nthungululu ngati awayamikira. Amalume anadya mbale ziwiri, ndipo atakhuta analangiza a Filipo za kasungidwe ka mkazi mpaka ana kuyamba kusinza, iwo amene akazi awiri anali atawathawa.

Ine mlandu wanga unazengedwa pamwala. A Selemani anatsuka mpeni wakale uja kasanu ndi kawiri monga ananenera, ndipo kwa milungu itatu, ndikaweruka kusukulu, ndinkakhala pakhonde pawo kuunola mpaka kampata kaja kanatha, chitsulo chitawonda ngati tsamba la bango. Mumtima ndinkati pomaliza andipatsa. Atauyesa ndi chikhadabo, anaitana akazi awo nawapatsa kuti azisendera chinangwa. “Wako udzagula wekha,” anandiuza. “Kusankha ukudziwa.”

Amalume anamwalira osadziwa. Esinati ndi a Filipo anabereka ana asanu ndi atatu. Esinati akali moyo ku Ngala, makutu akumva bwino ndipo dzanja likali ndi mphamvu, choncho amene adzamuwerengere zimenezi ayambe waonetsetsa kuti ine ndili kutali.

Mwezi wathawu mpeni wanga unagwera m'nyanja ndikukonza bwato, ndiye ndinakwera minibasi kupita ku boma. Masiku ano mipeni siikhalanso m'kabati ya sitolo. Anyamata a geni angoiyala pansi m'mbali mwa msewu, ya ku Taifa ndi ya kwina kosadziwika, ina yodumpha yokha ukadina kabatani, ina ya sizasi ndi kasupuni, ina yojambulidwa chinjoka. Ndinapempha madzi m'kapu. Nditafika pa wachisanu ndi chiwiri mwini wake anati, “Madala, mugula kapena mwatumidwa ndi apolisi?” Ndinatenga wotuwa, wa mtengo, wokwana chikhatho, umene iye anati ndi wa anthu osauka. Uli m'thumbamu. Umadula chingwe ndi fodya, umasenda nzimbe ndi mango, umatumbula nsomba, umachotsa minga kuphazi. Poti umadya zonse, khosi sukhudza. Ndakalamba chonchi sindinazingepo ngakhale nkhuku.

Nkhuku zanga ndimapita nazo kwa Yusufu, mdzukulu wa a Selemani, amene anatenga ntchito ya agogo ake, munthu waulemu, wa ana aamuna anayi osakhazikika. Dzana ndinamupeza pakhonde, mpeni uli pawindo, anawo akugubuduzana pabwalo.

“Yusufu, mpeniwu wagona kuti?”

“Pawindo pomwepa, agogo.”

“Dzulo masana iwe unali kuti?”

“Kunyanja.”

“Nanga awa?”

Anaseka. “Agogo, inu ndinu Mkhristu, nkhuku ndi yanu, mukadya nokha. Mukuvutikiranji? Ana angawa mpeni wanga saukhudza. Amaopa.”

“Nanenso ndinkaopa,” ndinamuuza, ndipo nkhuku yanga ndinaipanirira m'khwapa mpaka atauyang'ana mpeniwo mbali zonse ziwiri.